Diso la Ankolo Maliko

Thamesmead, Lachisanu m'mawa

Tadala mwana wanga,

Ndangoweruka kumene kunyumba ya okalamba kuja, ndipo m'malo mogona ndakhala patebulo la kukhitchini ndi pepala. Iwe wapita ku Woolwich kukalukitsa tsitsi, amayi ako ali kuntchito kuchipatala, ndiye m'nyumba muno tatsala awiri, ine ndi sutikesi yako imene yatseka njira ya kubafa. Ndayesa kuisuntha, msana wakana. Sindikudziwanso ngati mawa ukupita ku Texas kukagwira ntchito ya unamwino kapena kukatsegula sitolo ya nsapato.

Ndikulemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti uwerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, milomo ikuyenda monga umachitira ndi buku la nyimbo kutchalitchi. N'zimene ndikufuna. Chingerezi iwe umangomeza osatafuna, ndipo ine ndikayamba kulankhula Chingerezi ndimasanduka munthu waulemu kwambiri, wodziwa kuzemba nkhani. Nkhani iyi ndaizemba zaka zoposa makumi awiri, ndipo mawa ukakwera ndege ndidzakhala nditachedwa.

Ukukumbukira Lamlungu lapitali tikudya masana. Unali kusimba za mnzako amene anatsogola kale kumeneko, kenaka unati, "Adadi, kumene ndikupitako anthu ambiri amayenda ndi ka gun m'handbag, ndi legal bola permit. Koma ine sindingaphe munthu, so ndizikaikamo za rubber zija, less-lethal. Zimangomugwetsa munthu basi." Amayi ako anati, "Tadala, mfuti ndi mfuti." Iwe unayankha kuti, "Amayi, just look at Ankolo Maliko. Akanakhala ndi kenakake m'thumba tsiku lija, matsotsi aja sakanawachotsa diso." Ine ndinadzuka n'kunena kuti ndikukataya zinyalala, chikhalirecho bini inali yopanda kanthu. Ndinatsika, n'kukaima m'mbali mwa mtsinje mpaka chakudya changa chitazizira.

Ndinene msanga ndisanayambenso kuzungulira. Ankolo Maliko sanawomberedwe ndi tsotsi. Ndinawawombera ndine, bambo ako, masana dzuwa likuwala, ndi kamfuti kobisa m'chiuno kokhala ndi zipolopolo za labala zomwe ukuzinenazo. Ngati ukufuna kuika pepalali pansi kuti upume, liike. Koma ulitolenso, chifukwa ndikufuna udziwe mmene munthu wopemphera, wamantha ngati ine, anafikira pamenepo.

Mantha ako sindikuwaseka. Ndinakuona tsiku lija anyamata a panjinga anakutsomphola foni pasiteji ya basi ku Woolwich, masanasana anthu akuona. Unafika pakhomo kiyi akukana kulowa pabowo, mpaka ndinakutsegulira ndine. Mwezi wonse unkayenda ukucheuka. Tsopano ukupita kudziko kumene ulibe m'bale ndi mmodzi yemwe, kumene uzikaweruka nthawi zachilendo n'kumayenda wekha kupita pamene waimika galimoto. Mantha ako ndi oona, mwana wanga. Chimene ndikukana ndi mankhwala amene wawapezera manthawo, chifukwa ine ndinamwapo omwewo.

Iwe uli wakhanda ku Balaka, amayi ako akumaliza maphunziro a unamwino, ine ndinapita ku Joni monga ankachitira anzanga onse nthawi imeneyo. Ndinapeza ntchito pamalo pamene Amalawi ankasiya katundu wotumiza kumudzi: mafiriji, malata, njinga, mabulangete. Ine ndinkalemba mayina pamakatoni ndi kumanga zingwe. Mwezi wachiwiri amuna atatu anandiimitsa pamsewu, mmodzi n'kundiika mpeni pakhosi. Anatenga foni, nsapato, ndi kaphukusi ka zovala zako zimene ndinali nditangogula kumene, kadiresi kachikasu ndi timasokosi. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ndi masokosi paphula lotentha. Chimene chinandipweteka si katunduyo ayi, koma manyazi, kuti ine mwamuna wamkulu ndinawauza kuti zikomo atandisiya wamoyo.

Kulakwa kwanga koyamba kunabadwa m'manyazi amenewo. Mlonda wina wa pamalo oyandikana ndi pathu anandigulitsa kamfuti kopanda mapepala alionse. Anatambasula kampango, mkati muli zipolopolo za mitundu iwiri. Analoza zoyamba nati, "Izi n'zotumiza munthu kwa makolo ake." Analoza zinazo nati, "Izi n'zongomuphunzitsa mwambo." Ine mwana wa mkulu wa mpingo, woimba kwaya, ndinasankha zophunzitsa mwambo, ndipo ndinachoka pamenepo ndikudziona wolungama. Ndinkaganiza kuti ndapeza njira yodyera nyama popanda kupha mbuzi. Mlondayo anaseka n'kunena kuti, "Mlamu, zonsezi zimatulukira pabowo limodzi." Sindinamumve. Ndinakayesa kamodzi pamgolo wachitsulo kuseri kwa mpanda, mgolo n'kungopindika pang'ono, ine n'kumati waona, sizinabowole. Sindinadzifunse ngati nkhope ya munthu ili yofanana ndi mgolo.

Kulakwa kwachiwiri kunabwera mwakachetechete, moti sindinakuone. Ndisanakhale ndi kamfutiko ndinali munthu wanzeru. Njira yachidule ya kuseri kwa butchala sindinkadutsako, dzuwa likapendeka ndinkakhala nditafika kale kunyumba, ndipo munthu akandiponda phazi ndinkapepesa ndine. Nditayamba kumva kulemera kuja m'chiuno, pansi pa jekete imene ndinkavala ngakhale kutentha chotani, mayendedwe anasintha. Njira ya kubutchala ndinayamba kudutsako. Pakamwa panayamba kuyankha. Ndinkati ndagula chitetezo, koma chimene ndinagula ndi mtima wolowa m'malo amene kale ndinkawalambalala.

Tsiku lina pamzere wa minibasi bambo wina anandipitirira. Ine wakale uja ndikanangokhala chete, koma ine watsopano ndinamuuza kuti mzere umayambira kumbuyo. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kunditchula dzina lija amatinenera alendo kumeneko. Ndinalowetsa dzanja m'jekete kuti aone. Nayenso analowetsa lake m'jekete mwake. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti iye sakudziwa kuti zanga n'za labala, ndipo ine sindikudziwa kuti zake n'za chiyani. Anatipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa chimanga chootcha amene anadutsa pakati pathu ndi beseni lake akutikalipira tonse awiri ngati ana ake. M'mawa mwake ndinavalanso jekete ija, kamfuti kali m'malo mwake.

Ugwire pamenepa, Tadala. Mfuti siyenda ndi chikwangwani chonena zimene zili mkati. Ukaitulutsa, amene ali patsogolo pako amaona imfa, ndipo amayankha monga munthu amene waona imfa. Wapolisi wobwera akuthamanga naye saona labala, amaona mfuti m'manja mwa mlendo. Iwe wekha ndi amene umadziwa kuti ukungoopseza, ndipo mpata wofotokoza zimenezo sumakhalapo.

Tsopano za Maliko. Iwe umawadziwa ngati ankolo ofatsa a diso limodzi, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango ku Balaka, amene anakupatsa nkhuku pamene tinapita kumudzi. Si munthu amene ine ndinakula naye ameneyo. Maliko ndi mwana wa amalume anga, ndiye kuti ndi msuweni wanga, ndipo popeza wakulira kuno uyenera kudziwa kuti kwathu msuweni si m'bale wamba. Ndi munthu amene mwambo unamupatsa chilolezo chokuvuta. Akhoza kukulanda chipewa pagulu, kukudyera ndiwo m'mbale mwako uli pomwepo, kuuza bwenzi lako kuti unkakodza pamphasa mpaka Sitandade 5, ndipo iwe sungakwiye. Ukakwiya anthu amaseka iweyo. Pa ntchito imeneyi Maliko anali katswiri. Anauza amayi ako tili pachibwenzi kuti ndili ndi mkazi wina ku Nsanje ndi ana asanu ndi awiri. Tsiku la ukwati wathu anandibisira nsapato imodzi, abusa n'kumadikira.

Moni wake unali umodzi kuyambira tili ana kobusa mbuzi. Sankabwera kumaso. Ankanyang'ama kuchokera kumbuyo, n'kukukolekera mkono pakhosi, n'kunena kuti, "Wagwidwa, mbava iwe." Anandichita zimenezi kusukulu, kumsika, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Ndinkazidziwa monga ndimadziwira dzina langa. Atakula anayamba kuyendetsa magalimoto akuluakulu a katundu pakati pa Blantyre ndi Joni, ndipo ankadzitama kuti maso ake amaona dzenje la pamsewu la ku Tete iye ali pa Mwanza.

Linali Loweruka, dzuwa lili pamutu. Ndinatuluka pantchito kukagula chakudya, makiyi a malo onse ali m'chikwama changa. Sindinkadziwa kuti Maliko wafika m'tauni, chifukwa anabisa dala kuti adzandidzidzimutse. Ndili pakona, mkono unandikola pakhosi kuchokera kumbuyo, chinthu cholimba n'kundibaya pamsana, ndipo mawu okhuthala otsanzira matsotsi anati ndipereke chikwama. Ndinapotokola thupi, ndinasolola kamfuti kaja, ndinakoka kamodzi. Chinthu cholimba chija chinali chinangwa chimene agogo ako anamupatsira kuti andibweretsere.

Zimene ndikulemba tsopano sindinauzepo munthu, ngakhale amayi ako. Pakati pa kutembenuka ndi kukoka panali kamphindi, kakang'ono ngati kuphethira. M'kamphindi kameneko ndinamva kuseka kotsekeredwa m'mphuno, kuseka kumene ndinakula ndikukumva. Mtima unati dikira, uone nkhope. Mutu unati n'za labala izi, ukalakwitsa upepesa. Ndinamvera mutu. Zikanakhala zipolopolo zenizeni ndikanadikira, ndikudziwa ndithu, chifukwa ndinkaopa kupha kuposa mmene ndinkaopera kufa. Labala uja ndi amene anandichotsera mantha omwe akanamupulumutsa Maliko. Anapeputsa chala changa.

Sanakuwe. Anangokhala pansi pamsewu pomwepo, manja onse kumaso, magazi akutuluka pakati pa zala. Anati, "Aise, ndine." Mawu awiri amenewo ndimawamvabe ndikamasambitsa okalamba kuntchito, ndikamadikira basi, ngakhale pakati pa pemphero. Anthu anabalalika, chinangwa chija chitagubuduzikira m'ngalande. Mnzathu wina wa pantchito anabwera ndi galimoto, tinamukweza kumbuyo, mutu wake uli pamiyendo panga. Tili m'njira anandikoka malaya kuti ndiwerame, n'kundinong'oneza kuti, "Taya chinthucho. Ukagwidwa nacho, mwana uja akula wopanda bambo. Tinena kuti ndi matsotsi." Mwana amene ankanenayo ndi iweyo, Tadala. Unali usanayambe n'kukwawa komwe. Kamfutiko ndinakaponya m'madzi madzulo a tsiku lomwelo.

Diso silinapulumuke. Dokotala anatambasula chala chake n'kunena kuti chipolopolo chikanasuntha pang'ono chonchi tikanamutenga m'bokosi. Iwe ndiwe namwino, ukudziwa kuposa ine kupyapyala kwa fupa la kuseri kwa diso, ndipo ukudziwa malo ena ofewa pathupi la munthu amene safuna chitsulo kuti awonongeke. Akuti zipolopolo za labalazi n'zosapha kwenikweni. Mawu akuti kwenikweniwo uwayang'anitsitse, chifukwa m'menemo ndi mmene munalowa msuweni wanga. Munthu wa diso limodzi sapatsidwa galimoto yaikulu yodutsa m'malire a mayiko. Ntchito inatha, anabwerera kumudzi, ndipo mwamuna amene ankadziwa misewu ya mayiko anayi anayamba kumata machubu a njinga.

Kulakwa kwanga kwachitatu ndi kumene ndimachita nako manyazi kwambiri, chifukwa sikunachitike m'kuphethira, kunatenga zaka. Bodza lija ndinalilandira, n'kulivala ngati malaya anga. Titafika kumudzi anthu anandithokoza kuti ndinamusamalira bwino kuchipatala. Amalume, bambo ake enieni, anandigwira dzanja pamaso pa anthu nati chibale ndi fupa sichiola. Ine ndinawerama n'kulandira mawuwo. Amalumewo anamwalira asanadziwe. Amayi ako ndinawauza titabwera kale kuno, tili m'basi yochokera ku Woolwich, chifukwa ndinkadziwa kuti pagulu sangakuwe. Tinafika, tinatsika. Kenaka anati, "Tsiku lina mudzamuuze mwanayo, ndi pakamwa panu." Ndinati akakula. Unakula, ndinati akamaliza sukulu. Unamaliza, ndinati akakhazikika pantchito. Mpaka Lamlungu lija bodza limene tinapanga kuti tikuteteze linabwera kudzakhala patebulo langa n'kumalangiza mwana wanga kuti akagule mfuti. N'chifukwa chake amayi ako sanandiyang'ane pamene ndinkatuluka ndi bini yopanda kanthu.

Palinso kulakwa kwina kumene ndinakulakwira iweyo. Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tikukhala m'kafulati kaja ka ku Woolwich. Ndinali kutsuka mbale, iwe unakoka mpando mwakachetechete, unakwera kumbuyo kwanga n'kunditseka maso ndi timanja tako, ukuti ndilote kuti ndiwe ndani. Ndinakukankha mwamphamvu moti unagwa pampandopo n'kumenyetsa chigongono patebulo, ndipo ndinakukalipira ndi mawu amene sunawamvepo pakamwa panga. Unalira mpaka kugona osadya. Sunadzachitenso. Mwina unaiwala, koma ine ndikuona kuti mpaka lero ukamalowa m'chipinda chimene ndili umayamba watsokomola kuti ndidziwe kuti ukubwera. Sunalakwe kanthu tsiku limenelo, mwana wanga. Pepa. Ndachedwa nako kupepesaku zaka pafupifupi makumi awiri.

Ungafunse ngati Maliko anandikhululukira. Kukhululuka anakhululuka, ndipo sanatchulepo nkhaniyi ngakhale kamodzi. Koma tamva zimene ndinaona pamaliro a agogo ako, ulendo uja iwe unatsala chifukwa cha mayeso. Pamaliro kwathu asuweni ndi amene amapeputsa chisoni, amakunena mpaka useke misozi ili m'masaya. Ine nditafika, Maliko anandilandira ndi manja awiri. Anabweretsa mpando, anaupukuta ndi chipewa chake, nati, "Khalani apa, achimwene a ku London, mwatopa." Anathandiza kumanda, anaonetsetsa kuti ndadya, anandipezera madzi otentha osamba. Nthabwala ndi imodzi yomwe ayi. Ndinaonanso kuti nthawi zonse ankasuntha pang'ono kuti ndikhale kumbali ya diso lake labwino.

Tsiku lachitatu ndinalephera kupirira. Ndinamulanda chipewa chija pamaso pa anthu n'kuchivala, ndikudikira kuti andithamangitse, anditukwane, anene za mkazi wa ku Nsanje uja. Anangoima, manja kumbuyo, n'kumwetulira mwaulemu. Anati, "Chikukukhalani bwino, tengani." Ndikanakonda akanandimenya khofi. Ndinamubwezera chipewa chake, ndipo ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira, anthu n'kumaganiza kuti ndikulira amayi anga. Munthu amene anandivuta kuyambira ndili wosavala wakhala akundilemekeza zaka zonsezi, ndipo palibe chilango chimene chimandiwawa kuposa ulemu umenewo.

Ndiye tamvera, Tadala. Zipolopolo za labala zimakunamiza kawiri. Munthu amene wabweradi kudzakupweteka, woledzera kapena wosuta zake, wovala chijasi chokhuthala, mwina sizimugwetsa n'komwe, zimangomukwiyitsa, ndipo tsopano akudziwa kuti unafuna kumuwombera. Koma munthu amene wamuganizira molakwa, mnzako wa kuntchito wokuthamangira ndi makiyi amene waiwala, wodwala wosokonezeka mutu amene wakugwira mkono, woyandikana naye nyumba amene wasokoneza chitseko, ameneyo zimamukwanira kumuchotsa diso kapena moyo. Ndipo chifukwa umadziuza kuti sizipha, umafulumira kukoka. Ine sindinawerenge zimenezi m'buku.

Ndiwe wamkulu, sindingakuletse, ndipo malamulo a kumeneko sindiwadziwa bwino. Uwafunse kwa anthu owadziwa, osati kwa mnzako wa pafoni yekha, paja safunsa anadya phula. Koma usanagwire chinthu chimenechi m'manja, ukhale pansi wekha udzifunse funso limene ine ndinalithawa: kodi ndakonzeka kuti munthu afe ndi dzanja langa? Lamlungu unayankha kale wekha, unati sungaphe munthu. Ndinakondwa kumva zimenezo, chifukwa ndi mwana amene tinalera. Ngati yankho ndi limenelo, ndiye kuti mfuti si yako, kaya muli chitsulo kaya muli labala. Mfuti ya theka kulibe. Ine ndinaifunafuna, ndipo wamva kumene inandifikitsa.

Nanga udziteteza bwanji? Ndi nzeru zomwe zija ndinali nazo ndisanadzione ngati mwamuna. Poweruka uziyenda ndi anzako, ndipo ngati palibe, upemphe mlonda wa pachipatala akuperekeze pagalimoto, palibe manyazi pamenepo. Nyumba upeze yapafupi ndi kuntchito ngakhale ikhale yaing'ono, nsapato zakozo zikagona pansi pa bedi. Zomvera nyimbo zija uzichotsa m'makutu ukamayenda, ndakuuza kambirimbiri, mwina polemba umva. Mtima ukakuuza kuti njira iyi ayi, usakambirane nawo, bwerera. Munthu akafuna chikwama, mupatse, chikwama chilibe amake oti adzachilire. Ukatha kuthawa thawa, ndipo ukuwe, mawu unatengera amayi ako, amene amandiitana ali pansanjika yachisanu ndi chinayi ine ndili kusiteji ya basi. Ine zikomo uja ndinauza matsotsi ndinkachita naye manyazi, koma ndi amene anandibweza kunyumba wamoyo, wopanda magazi a munthu m'manja.

Udziwane ndi anthu oyandikana nawo, uwapatse moni ngakhale asayankhe sabata yoyamba. Upeze mpingo, upezenso Amalawi anzako, sasowa paliponse, ungotsatira fungo la usipa. Munthu amene anthu amamudziwa akachedwa kufika amafunsidwa, ndipo chitetezo chimenecho sichilowa m'chikwama. Lamlungu lililonse uziwaimbira amayi ako, osati timauthenga ta zithunzi toseka tija, amafuna kumva mawu. Mantha akakukulira usiku wina, undiimbire ine nthawi iliyonse. Za mantha ndimazidziwa, ndipo tsopano palibenso chimene ndikukubisira.

Lachitatu ndinamuimbira Maliko, chifukwa chinsinsichi ndi chakenso ndipo sindikanachiulula popanda chilolezo chake. Ndinkamva akukhoma mkombero wa njinga uku akulankhula. Ndinamuuza kuti ukupita ku Amereka, anakondwa, anati mwana wathu wakula. Kenaka ndinamuuza zimene unanena patebulo, za kamfuti, za labala, ndi za dzina lake limene unalitchula ngati umboni. Hamala inasiya kulira. Kenaka anati, "Muuzeni zonse, achimwene, musasiyeko. Diso lija lagona pachabe zaka zonsezi. Likamubweza mwanayu, ndiye kuti lagwira ntchito." Atatero ananena kuti kasitomala akudikira njinga yake.

Ndiye ndakuuza zonse, sindinasiyeko. Diso limenelo analipereka kale kamodzi kuti ukule ndi bambo. Akuliperekanso kachiwiri kuti upite ndi manja opanda kanthu n'kudzabwerera ndi manja oyera. Usalitaye, Tadala.

Kalatayi ndiika papilo pako, osati m'sutikesi, chifukwa ndikufuna uiwerenge lero tidakali pansi pa denga limodzi. Ngati ukwiya nane, kwiya, ndiyenera. Ngati sufuna kundilankhula m'sitima yopita kubwalo la ndege, ndikhala chete, ndipo sutikesi ndinyamulabe, msana ufune usafune. Koma mawa m'mawa tisananyamuke ndidzaima pasinki ndikutsuka makapu, msana nditalozetsa kuchitseko. Ngati mtima wako ungalole, usatsokomole polowa. Ubwere mwakachetechete kumbuyo kwanga unditseke maso monga unachitira tsiku lija, mpando sufunikanso, unanditalika kale. Sindidzadzidzimuka. M'matumba mwanga muli khadi la basi ndi maswiti a chifuwa basi, ndipo ulendo uno ndidzalota dzina lako.

Uyende ndi Mulungu, mwana wanga.

Ndine wochedwa kulankhula koma wokukonda,
Adadi ako